Ambulera ya Amake Rachael

Lachitatu lina la mwezi wa Okutobala, m'zaka zija boma lili kalikiliki kugulitsa makampani ake, Komiti Yokonza Chikondwerero cha Nyimbo za Umodzi inaitanira atolankhani ku hotela ina ya m'tauni kuti ilengeze nkhani ziwiri zokhudza mtundu wonse. Yoyamba inali yakuti chipata cha Bwalo la Chitukuko, kumene chikondwererocho chikachitikire Loweruka, chapakidwa utoto wobiriwira. Yachiwiri inali yakuti maambulera sadzaloledwa m'bwalomo, chifukwa amatchinga anthu a kumbuyo, ndiponso, malinga ndi kafukufuku wa komitiyo, akhoza kusanduka zida. Wapampando, a Norbert Besa, anatsimikizira mtundu kuti ambulera iliyonse yosiyidwa pachipata idzasungidwa mwaulemu ndi kubwezedwa kwa mwiniwake potuluka. Za kukula kwa chipatacho palibe anafunsa, poti masamusa anali atafika kale patebulo.

A Amock Njobvu anamva chilengezocho pawailesi ali m'nyumba yawo ku Kabwata, akupukuta lipenga ndi kansanza. Za utoto ndi maambulera zinangowadutsa. Iwo ankadikira dzina la bandi yawo, ndipo linatchulidwadi, kumapeto kwenikweni, wolengeza atayamba kale kupuma mwa munthu wofuna kunena za nyengo.

A Njobvu anabadwira ku Katete, ndipo lipenga analiphunzirira ku mishoni ya Reformed, kumene mphunzitsi wina anaona kuti milomo ya mnyamatayo ndi yolimba kuposa masamu ake. Atafika ku Lusaka analembedwa ntchito yolongedza katundu pa kampani ya boma yoomba mabulangete. Nthawi imeneyo kampani ya boma yopanda bandi inali ngati mfumu yopanda mpando, ndiye a Njobvu anapatsidwa jekete lofiira la mabatani amkuwa. Ankaimba pa bwalo la ndege, pa tsiku la antchito, potsegula milatho, ngakhale potsegula mlatho umodzi kawiri. Nduna zambiri zimene anaziimbira pofika, pambuyo pake anazimva pawailesi kuti zachotsedwa, koma bandi inkakhalapobe.

M'moyo wawo wonse a Njobvu anaphunzira nzeru imodzi imene ankaiyesa yawoyawo. Anaitola pa phwando la Khirisimasi la pakampani, m'zaka zija zinthu zikusowa m'masitolo. Mowa unatha anthu asanakhute, ndipo a ku makina anayamba kuswana ndi a ku ofesi. Mipando inauluka. Mtsogoleri wa bandi wa nthawiyo, malemu a Killian Mvula, anangokweza dzanja nati, "Nyimbo ya fuko!" Malipenga atangoyamba, holo yonse inaima njo. Munthu amene anali atakweza botolo kuti aphwanye mnzake analitsitsa, naliimika m'mbali mwa thalauza ngati mfuti ya pa perete. Pomwe nyimbo inkatha, aliyense anali ataiwala chimene amamenyerana. Kuyambira tsiku limenelo a Njobvu ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti palibe moto umene nyimbo ya fuko singazimitse.

Umboni wina anali nawo m'nyumba momwe. Akazi awo, mayi Eness, amene Kabwata yonse inkawatchula kuti Amake Rachael, anali m'kwaya ya ana a sukulu tsiku limene mbendera yatsopano inakwezedwa ku boma la kwawo, ndipo kuchokera pamenepo nyimboyo sanaimverepo ali chikhalire. Ikalira pawailesi, ankaima. Ankaima ali ndi mwana kubere, ankaima mkaka ukusefukira pambaula. Zipani zitachuluka, anthu n'kuyamba kuona kuima ngati mwambo wa chipani chakale, iwo ankaimabe. Ku City Market, kawailesi ka munthu wogulitsa mabatire kakaiponya, ankasiya kasitomala atatambasula dzanja, tomato ali m'mwamba.

"Ba mulamu, muzagwa na BP tsiku lina," ankatero a Chishimba, woimba ng'oma yaikulu wa m'bandimo. "Ndani akuonani? Kulibe ma-vigilante ba chipani manje."

"Sindiimira munthu ine," ankayankha Amake Rachael. "Inu a kudya anyani mungadziwe chiyani za ulemu?"

"Ulemu wa bantu bodya mbeba!"

A Chishimba anali Mbemba wa ku Luapula, ndipo Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi pachimbuya: amanyozana pa ukwati, amanyozana pa maliro, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Zaka zonse zimene a Chishimba ndi a Njobvu anaimba limodzi, sanapatsanepo moni wopanda mbewa kapena nyani.

Kenaka kunabwera ogula kampani. Anayendera fakitale atavala zipewa zoyera, nalonjeza pawailesi kuti palibe wantchito adzachotsedwe. Makina anakwezedwa pa malole usana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyumbayo inasanduka mosungira salaula, zovala zakale zochokera kunja. Malipenga okha ndi amene ogulawo sanawafune, ndiye woimba aliyense anatenga lake. Chinanso chimene a Njobvu anatuluka nacho chinali ambulera yaikulu yakuda imene kampani inawapatsa kalelo powathokoza pa ntchito ya zaka zambiri. Ambulerayo anaipereka kwa akazi awo, ndipo pansi pake ndi pamene panachokera chakudya cha banjalo kuyambira pamenepo. Amake Rachael ankaizika pambali pa thebulo lawo kunja kwa msika. Nthiti imodzi itathyoka anaimanga ndi waya. Dzuwa linkawapweteka mutu, ndiye popanda ambulerayo sankapita ngakhale ku Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi.

Sanadandaulepo, ndipo n'chimene chinkawapweteka a Njobvu. Mwamuna amene kale ankatsika basi ya kampani atavala jekete lofiira, ana a m'komboni akumuthamangira, tsopano ankasesa pakhomo n'kumadikira kuti mkazi abwere ndi ndiwo. Bandi inkakumanabe mwa apo ndi apo, makamaka pa maliro a anzawo, ndipo pa maliro alionse inkachepa ndi munthu mmodzi. Ndiye pamene komiti inafuna anthu otsika mtengo oti asangalatse khamu podikira woimba wamkulu wa rumba wochokera kutsidya kwa malire, a Njobvu anaona ngati Mulungu wawakumbukira. Chimene ankafuna chinali chimodzi: akazi awo awaonenso ali pansanja, atavala jekete lija, anthu akuwaombera m'manja.

"Loweruka ndi tsiku la malonda, Atate a Rachael," anatero mayiwo. "Komanso zimenezo n'za ana. Ine ndikatani ku rumba?"

"Simukupita ku rumba. Mukupita kwa ine."

"Lipenga lanu ndimalimva tsiku lililonse. Ngakhale aneba amalimva, ndipo anandituma kuti ndikuuzeni."

"Amake Rachael, kamodzi kokha. Mundione ndili munthu."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga jekete lija pamsomali, naliunika pawindo, nati batani limodzi likugwedera. Analisoka usiku usanagwe.

Loweruka linacha ndi dzuwa la Okutobala, lija losungunula phula. Pachipata panali alonda a kampani ina yatsopano ya chitetezo, ndipo a Njobvu anawazindikira ambiri: madala anzawo, amene kale anali mamesenjala, asilikali ndi makondakitala a makampani ogulitsidwa, tsopano atavekedwa mayunifolomu osawakwana. Mmodzi wa iwo, a Gilson, anagwira ambulera ija mwaulemu ndi manja awiri.

"Amai, ni lamulo. Muzaitenga potuluka."

"Muisunge bwino. Ili ndi waya apa, musaitsegule mwamphamvu."

A Gilson anaiponya pamulu wa maambulera ena kuseri kwa kanyumba ka matikiti.

M'bwalo monse munalibe mtengo. Mthunzi unali pawiri pokha. Wina unali m'tenti ya alendo olemekezeka a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, poti komiti inali itagamula kuti tenti si ambulera. Wina unali kamzere kopyapyala m'munsi mwa khoma, pambali penipeni pa chipata. Amake Rachael anayala chitenje pamenepo.

"Apa ndi kutali ndi nsanja," anadandaula a Njobvu.

"Lipenga lanu limamveka mpaka ku Chelstone. Ndipo jeketelo ngakhale wakhungu aliona. Pitani."

Poyamba zinayenda bwino. Bandi inaimba nyimbo za perete, ndipo achinyamata anaseka, ena n'kumaguba monyogodola, koma anaomba m'manja. A Njobvu, ali pamwamba pa nsanja, ankaona kadontho ka duku loyera patali paja, ndipo ankaloza lipenga komweko. Anaimba ngati mnyamata wa ku mishoni.

Woimba wamkulu uja sanafike nthawi imene analonjeza. Wapampando anakwera pansanja kudzanena kuti ali m'njira. Bandi inabwereza nyimbo zake. Wapampando anakweranso kudzanena kuti ali pafupi. Bandi inabwerezanso, poti nyimbo zimene madalawo ankazidziwa zinali zomwezo. Mowa unali ukugulitsidwa chiyambire m'mawa, madzi anali atatha masana asanakwane, ndipo mphekesera inayamba kuyenda yakuti woimbayo sananyamuke n'komwe kwawo. Botolo loyamba linagwera pa ng'oma ya a Chishimba.

Kunja nako kunali khamu. Matikiti anali atagulitsidwa ku Kaunda Square, ku Emmasdale, m'mabasi ndi m'mabala, popanda wofunsa kuti bwalolo limalowa anthu angati. Ataona kuti m'kati mwadzaza, a Besa analamula kuti chipata chitsekedwe. Apa ndi pamene zinadziwika kuti opaka utoto anagwira ntchito yawo mokhulupirika kwambiri: anapaka ndi mpiringidzo womwe, utoto n'kuumira momwemo, moti chitsulocho sichinkasuntha. Alonda aja anangokankha zitseko ziwirizo, nazitsamira ndi mapewa. Chipata chonse chinali chitagwiridwa ndi misana ya madala.

Anthu a kunja, matikiti ali m'manja, anayamba kukankha. Kuchokera pansanja a Njobvu ankaona zitseko zobiriwira zija zikupuma ngati chifuwa cha ng'ombe yodwala, kulowa, kutuluka. Kutsogolo kwa nsanja anyamata anali atayamba kuthyola mipando. A Njobvu anayang'ana duku loyera lija. Amake Rachael anali ataimirira, atapinda chitenje chawo, ndipo ankayenda pang'onopang'ono motsatira khoma, kuchoka pachipata, kulowera kungodya kumene kunali malo. Ankayenda mwa munthu wa mutu wowawa, dzanja lili pakhoma. Anali asanapitirire malo amene chitseko chikanamenya chikatseguka.

A Njobvu anaganiza kuti awapatse mpata. Anatsitsa lipenga, nakweza dzanja monga ankachitira malemu a Mvula.

"Nyimbo ya fuko!"

"Ba Njobvu, aba ni bana ba manje," anakuwa a Chishimba. "Sibazamvela! Tiyeni tichoke chabe!"

"Menyani ng'oma, a Chishimba!"

A Chishimba anamenya. Malipenga analowa onse pamodzi, mwamphamvu, moyera, kuposa mmene anaimbira tsiku lonselo.

Nzeru ya a Njobvu inagwira ntchito, koma pa anthu okhawo amene analeredwa nayo. Anyamata a mabotolo sanatembenuke n'komwe. Anthu a kunja sanamve kanthu, poti zokuzira mawu zonse zinaloza m'kati. Amene anamva anali alonda. A Gilson ndi anzawo, anthu amene anaimira nyimboyo moyo wawo wonse, matupi awo anachita zimene anazolowera mutu usanaganize: anachotsa mapewa pazitseko, nawongoka, manja m'mbali. Ndipo pakhoma paja, Amake Rachael anaima. Anaika kachikwama kawo pansi, naongola msana, nayang'ana kunsanja kumene kunali jekete lofiira.

A Njobvu anaziona zonse lipenga lili pakamwa. Chitseko chinatseguka ngati chamenyedwa ndi lole, ndipo duku loyera lija linasowa.

Zimene zinatsatira anazilemba m'manyuzipepala, aliyense monga anaonera. Khamu la kunja linagwera pa khamu la m'kati, a kumbuyo akupondabe poti sankadziwa kuti kutsogolo kwagwa anthu. Ogulitsa mowa anathawa n'kusiya makireti. Tenti ya olemekezeka inagwetsedwa, olemekezekawo atatuluka kale pa kachipata kakumbuyo kamene anthu wamba sankakadziwa. Zokuzira mawu zinanyamulidwa pamutu mpaka m'makomboni, nsanja inayatsidwa moto, ndipo magalimoto oimikidwa mumsewu wopita ku Woodlands anatsala opanda magalasi. Anthu amene m'mawa anabwera atagwirana manja ankamenyana ndi miyendo ya mipando osadziwa chimene akulimbirana.

A Njobvu sanaone zimenezo. Anadumpha pansanja, munthu wa zaka zake, nayamba kusambira mokwera mtsinje wa anthu. Anagwa, anadzuka, anamenyedwa chigongono pakamwa. Lipenga linali likadali m'dzanja, ndipo sanadziwe kuti alisiye pati. Atafika pakhoma anapeza nsapato zambirimbiri zopanda eni, ndi a Gilson atakhala pansi, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira, akungobwereza kuti, "Tinaimilila chabe. Tinaimilila chabe."

Amake Rachael anali chigonere m'munsi mwa khoma, mumthunzi muja. Ankapuma pang'ono. A Njobvu anavula jekete lofiira nawatsamiritsa. Mayiwo anatsegula maso, nayang'ana jeketelo, kenaka amuna awo.

"Munaimba bwino," anatero. "Koma nyimbo ija simunaimalize."

Munthu wina wa galimoto ya vaneti anawanyamula pamodzi ndi ena ovulala. Amake Rachael anamwalira dzuwa lisanalowe, ali pabenchi ya chipatala, akudikira.

Pa maliro a munthu wa kum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito: amakumba manda, amaphika, amapaka anamfedwa ufa kumaso, ndi kuwanyoza mpaka wina aseke, kuti imfa isaone ngati yapambana. A Chishimba anabwera ndi ufa m'dzanja monga mwa mwambo. Anaima patsogolo pa mnzawo, pakhonde la nyumba ya ku Kabwata, anthu akudikira chipongwe.

"Imwe ba kudya mbeba," anayamba. "Mwaona manje, mulamu wanga akuthawani. Ati uyu mudala na lipenga yake..."

Mawu anathera pomwepo. Ufa unawagwa m'dzanja. Anakhala pansi pambali pa a Njobvu, ndipo madala awiriwo anangoyang'ana msewu.

"Anali atatsala pang'ono kufika pangodya," anatero a Njobvu patapita nthawi. "Munaona?"

"Sininaone, ba Njobvu. Nenze kuyangana ng'oma."

"Akanafika."

Kumanda bandi sinaimbe. Rachael, amene anabwera kuchokera ku Kitwe kumene anakwatiwa, anapempha atate ake kuti aimbe ngakhale nyimbo imodzi ya m'buku la tchalitchi imene amayi ake ankaikonda. Iwo anati milomo yatupa, ndipo inalidi yotupa.

Komiti inadzifufuza yokha, ndipo inapeza kuti inalibe mlandu. Lipoti lake linadzudzula achinyamata osalangika, kutentha kwa dzuwa, ndi nyimbo zachilendo. Linayamikira mwapadera bandi ya madala chifukwa cha kukonda dziko lawo pa nthawi yovuta, ndipo a Besa anawerenga ndime imeneyi pawailesi ndi mawu onjenjemera. Analonjeza kuti chipata chidzakulitsidwa mvula isanagwe, kuti pakhoma padzaikidwa mwala wa maina a omwalira, ndiponso kuti katundu yense wosiyidwa pachipata adzabwezedwa kwa eni ake kudzera mu komiti yaing'ono imene yakhazikitsidwa.

A Njobvu za mwala sanazilabadire. Ankafuna ambulera. Anapita ku ofesi ya komiti m'tauni, atavala malaya oyera, nafotokoza kuti ndi yakuda, yaikulu, ili ndi waya pa nthiti imodzi. Mtsikana wa pa desiki anawauza mwaulemu kuti, "Ba tate, ba komiti ing'ono bakalibe kunkala pansi. Mubwele Monday." Anapita Lolemba. Anapitanso Lolemba lina. Tsiku lina anapeza ofesiyo yasanduka sitolo ya mafoni.

Akali ku Kabwata, m'nyumba yomwe ija. Thebulo la ku City Market analipereka kwa mayi wina wa ku Chigwirizano. Lipenga lili pamwamba pa kabati, ndipo a Chishimba akabwera Lamlungu masana amakamba za mpira ndi za mitengo ya ufa. Wailesi amamvera, koma amadziwa nthawi imene nyimbo ija imalira, ndipo amaitseka isanayambe. Tsiku lina inawapeza mwadzidzidzi ali pamzere ku positi ofesi, tsiku lokumbukira ufulu litayandikira. Achinyamata onse anapitiriza kucheza. A Njobvu anapezeka ataima njo, manja m'mbali, misozi ikutsikira m'kolala, mpaka nyimbo inatha.

Chikondwerero chinachitikanso chaka chotsatira, pansi pa wapampando yemweyo. Chipata anachipaka utoto wachikasu. Kukula kwake n'komwe kuja, ndipo maambulera saloledwabe.